Chitseko cha Che Manuwele

Tsiku limenelo analipo anthu awa, ndipo ndikuwatchula kuti wina asadzanene kuti Che Jawadu akukometsera nkhani. Analipo Shehe Amini, amene ankatiswalitsa pamzikiti wa kwathu. Analipo adzukulu okumba manda, wamkulu wawo Che Lifa. Analipo mwana wanga Yusufu, ataima m'dzenje, dothi lili m'tsitsi. Analipo Che Manuwele, mlendo wothawa nkhondo ku Mozambiki, ataima kumbuyo kwa onse monga ankachitira nthawi zonse. Amuna a mudzi wonse analipo. Analiponso mkazi wanga Abiti Saidi, atakulungidwa m'nsanda yoyera, ali gone pajeneza, chonyamulira maliro, akudikira kuti tiwaike. Ine ndinalipo ndithu, koma ndikanakonda nthaka ikanang'ambika n'kundimeza.

Ndikulankhula ndi inu anzanga owamba nsomba, ndi inu ootcha makala, ndi inu a njerwa. Ena mwa inu mwayamba kale kuyang'ana mitengo imene simuyenera kuiyang'ana. Maso amenewo ndimawadziwa, anali anga.

Sukulu sindinapite patali. Dzina langa ndimalemba lilime lili kunja. Koma mawu Mulungu anandipatsa osapima. Kudooko ankanditchula Wailesi, chifukwa ndikamatsutsana mtengo wa chambo anthu ankamvera ali kumunda. Ndipo pa ntchito yowamba nsomba, kuyambira ku boma la Mangochi mpaka ku Malindi, panalibe wondiposa. Amene akukana aimirire. Ine ndinkawamba ndi nkhuni za tsanya zokhazokha, nthawi zina mthethe. Chambo changa chinkatuluka pawaya chili psuu, chonona, chonunkhira, choti ukachiika m'dengu chikafika ku Limbe osaphwanyika ngakhale mchira. Amalonda ankatsika lole n'kudutsa mauvuni a anzanga osacheuka, akufunsa kuti Wailesi ali kuti. Ndinkayenda chifuwa chili patsogolo.

Kenaka nkhondo ya ku Mozambiki inakula, ndipo anthu anayamba kutsika mapiri a ku Namwera. Ankabwera ndi mphasa pamutu, miphika, ana kumsana, ena opanda kanthu kalikonse. Mwa oyambirira kufika pamudzi pathu munali Che Manuwele. Anzawo anasenza chakudya ndi zofunda, koma iwo anasenza chitseko. Chitseko chenicheni, cha mlombwa, cholemera, chokhala ndi mahinjesi ake. Ana anawalondola akuseka, ndipo amene anaseka kwambiri ndi ine.

“Achimwene, nyumba mwaiiwala m'mbuyo!” ndinakuwa choncho, dooko lonse n'kufa nalo phwete.

Iwo anatula chitsekocho, n'kupukuta thukuta, nati, “Nyumba yapsa. Ichi anapala ndi bambo anga.”

Anamanga kachisakasa ka bango kumapeto kwa mudzi, n'kuikapo chitseko chija. Khoma loti mbuzi itha kuboola ndi mutu, koma chitseko cha bwana. Pasanapite nthawi kamwana kawo kakakazi kanamwalira, kanali katafooka ndi ulendo. Nthawi imeneyo msasa wa othawa nkhondo unali usanakhazikike, choncho amfumu analola kuti akaike m'manda athu, patsinde pa mthethe waukulu.

Alendo anachuluka, ndipo mitengo inayamba kuchepa. Ine ndinali woyamba kukuwa kuti alendowa atithera nkhalango. Ndinkakuwa pamsika, ndinkakuwa pakhomo pa mzikiti, Che Manuwele akumva. Inde, munthu aliyense wofika amafuna mitengo yomangira ndi moto wophikira, ndipo anali ambiri. Koma lero ndinene zoona zake. Malole a kumaesiteti a fodya ankatsika ndi zipika usana ndi dzuwa, ine osakuwa. Mauvuni a njerwa ankafuka ku boma, ine osakuwa. Parafini anasowa m'magolosale, chifukwa njanji yodzera kunyanja yamchere inali itadulidwa ndi nkhondo yomweyo, ndipo aphunzitsi ndi akalaliki amene ankaphikira papulayimasi anabwerera ku nkhuni ndi makala ngati ife. Magetsi tinkangowaona patali, ku boma. Ndipo ife owamba nsomba, amene uvuni umodzi unkadya mtengo wathunthu, tinali kuti? Nkhwangwa zinali zambiri, koma chala changa chinkaloza imodzi.

Simungamvetse inu ana a dzulo mmene dziko linavulira. Phiri limene ndinkasakako akalulu ndili mnyamata linatsala miyala yokha, ngati mutu wometedwa ndi lumo. Amayi ankanyamuka kukateka nkhuni nkhuku zikutsika, n'kubwera dzuwa litapendeka ndi kamtolo koti mwana anyamula. Opita kunkhalango ya boma ankalandidwa zikwanje ndi alonda. Nyemba anthu anasiya kuphika, zimadya moto. Mabanja ankasonkha moto kamodzi patsiku. Mango a pamudzi anagwa umodziumodzi, ndipo tinkakhala pansi pa dzuwa n'kumakumbutsana kuti apa panali mthunzi.

Nsomba sidikira munthu. Ukaigula m'mawa, pofika madzulo yatupa. Ndinayesa bango, ndinayesa zitsononkho za chimanga, ndinayesa mapesi, mpaka ndowe zouma za ng'ombe. Chambo chinkatuluka chakuda bii, chowawa utsi, m'kati muli muwisi. Tsiku lina wamalonda amene ankandigula kuyambira kale ananyamula chimodzi, n'kununkhiza, n'kuchibweza pawaya osanena kanthu. Akanatukwana bwenzi ndikumuyankha. Kukhala chete kwakeko kunandilasa.

Apa ndiye ndinatsetsereka, ndipo sindinachedwe. Ine Msilamu, mwana wa Msilamu, ndinayamba kupita kuseri kwa msasa kumene ankatcheza kachasu. Poyamba ndinkati ndikufuna tulo. Kenaka ndinkafuna kachasuyo basi. Ndinawaza bwato langa lakale n'kuwambira nsomba. Linatha. Ndinawaza bedi, tinayamba kugona pamphasa. Ndinawaza mpando umene anandisiyira malume. Ndinatenga mtondo ndi munsi wa Abiti Saidi iwo ali kumadzi. Potsiriza ndinazula chitseko cha nyumba yanga, n'kupachikapo mphasa yakutha. Yusufu anali atakwatira kale, akukhala chikamwini kufupi ndi kwa Mponda. Atabwera n'kuona mphasayo anandifunsa kuti chitseko chapita kuti, ine n'kumukalipira kuti nyumbayi sanamange ndi iye. Anawapatsa moni mayi ake n'kubwerera.

Zowaza zitatha m'nyumba, maso anga anapita kumanda.

Inu a kuno mukudziwa, koma ndinene chifukwa cha ana. Mitengo ya kumanda ili ndi ntchito yake. Ife poika maliro timakumba dzenje, ndipo pansi pake, m'mbali, timakumbanso kachipinda kogonekamo thupi, nkhope italoza ku Maka. Tikatero timatseka kachipindako ndi mitengo yodula bwino, yothithikana, n'kumata ndi masamba ndi matope, kuti pokwirira dothi lisagwere munthu kumaso. Mitengo imeneyo imadulidwa pomwepo, m'mandamo, tsiku lomwelo. Ndi chifukwa chake makolo anati kumanda sikulowa nkhwangwa popanda maliro. Ngakhale nthambi youma yogwa yokha siitoledwa. Ndi nkhokwe ya akufa.

Manda athu anali kuseri kwa kachulu, atazunguliridwa ndi nkhadze, zitsamba za minga ndi milambe. Ukamadutsa panjira umangoona mpanda wobiriwira, ndipo palibe amene amayang'anitsitsa, pakuti manda salozedwa ndi chala. Kumbuyo kwake kunali bango lofika mpaka kunyanja. Ine ndinawerengera zonsezi ngati wakuba weniweni. Ndinasankha Lachisanu masana, amuna onse ali mumzikiti pa swala ya Juma. Anzanga akugwetsa mphumi pansi, ine ndikugwetsa mitengo ya makolo awo.

Tsiku loyamba ndinati nditola zouma zokha. Lachisanu linalo ndinadula timitengo ting'onoting'ono. Kenaka tsanya. Ndinkatulutsira kubango, n'kukweza m'bwato lobwereka, n'kukatsitsira kudooko ngati ndachokera nazo kutsidya. Chambo changa chinafiiranso. Amalonda anabwerera. Anzanga akandifunsa kumene ndikupeza tsanya nthawi ngati imeneyi, ndinkadziguguda pachifuwa n'kunena kuti mwamuna saulula mgodi wake. Kuyambira nthawi yokolola mpaka mitambo ya mvula itayamba kusonkhana, m'mudzi simunafe munthu wamkulu, ndipo palibe analowa m'mandamo. Ine ndinkati ndi mwayi. Mthethe wa pa kamwana ka Che Manuwele ndinaugwetsa potsiriza, chifukwa unali waukulu.

Munthu mmodzi yekha anadziwa. Tsiku lina ndinabwera ndi mtolo wa tsanya kunyumba, n'kuuponya pakhomo mwamatama, ndikuti nazi nkhuni, asiye kundiyang'ana ngati ndine mlendo. Abiti Saidi anatola chikuni chimodzi, n'kuchitembenuza. Panali chizindikiro cha chikwanje chakalekale, mizere iwiri yopingasana, imene adzukulu amalemba pamtengo wa kumutu kwa manda. Anachiika pansi pang'onopang'ono ngati akugoneka khanda.

“Bambo a Yusufu, nkhuni izi zili ndi eni ake. Pansi pa mphika wanga sizilowa.”

Ndinakuwa. Ndinawauza kuti akufa saphika, akufa sazizidwa. Ndinawaopseza kuti akatsegula pakamwa kwa munthu abwerera kwawo. Iwo sanatsegule pakamwa, anandisungira ulemu umene ndinalibe. Koma nkhunizo sanazikhudze. Anapitiriza kutola timapesi ndi makoko a mgwalangwa, n'kumaphika kaphala kamodzi patsiku, mtolo wanga uli pakhomo mpaka ndinaubweza ndekha kudooko.

Mvula yoyamba itagwa, matenda otsekula m'mimba analowa m'midzi ya m'mbali mwa nyanja. A zaumoyo ankayenda panjinga akulengeza kuti madzi akumwa tiziwiritsa. Kuwiritsa ndi chiyani? Moto woti uphike phala unali wosakwana, nanji wa madzi. Ine kudooko ndinali ndi mulu wa nkhuni wofika m'chiuno, ndipo mkazi wanga kunyumba ankamwa madzi a m'nyanja osawiritsa. Sindine dokotala, sindinganene kuti chinawapha n'chimenechi. Koma mutu wanga umafika pamenepo tsiku lililonse. Anayamba kudwala dzuwa likulowa, ndipo mawa lake m'mamawa anali atapita. Ine anakandipeza kuseri kwa msasa, ndili chigonere pafupi ndi mbiya ya kachasu.

Anandithira madzi kumutu, n'kundiveka mkanjo wobwereka. Yusufu anafika panjinga. Kwathu maliro sagona, choncho amayi anasambitsa thupi, adzukulu n'kunyamuka ndi makasu. Ine ndinawaona akupita, ndipo ndinadziwa chimene akukachipeza. Ndikanatha kuwathamangira. Ndikanatha kugwada pamaso pa Shehe. Wailesi yonse ija inazima. Ndinangokhala pamphasa ngati chitsa.

Adzukulu sanabwere kudzanena kanthu. Ndinamva pambuyo pake kuti Che Lifa atalowa n'kuona, anakhala pansi nthawi yaitali, kenaka anati tikumbe basi, mudzi udzadzionere wokha.

Titaswalira maliro tinanyamula jeneza, amuna akulandizana pamapewa monga mwa mwambo. Tinapinda pakachulu, n'kulowa pampata wa nkhadze. Amene anali kutsogolo anaima mwadzidzidzi, mpaka a kumbuyo anawagunda. Mawu a duwa, pemphero lathu, anaduka pakati.

M'manda munali dzuwa.

Sindidziwa ngati mukundimva. Malo amene chibadwire chathu tinkalowamo mumdima wozizira, masamba akulira kumapazi, munali mbee ngati bwalo la mpira. Zitsa zokhazokha, zina zikadali zoyera. Mitumbira ya makolo ili pamtunda, mvula itayamba kale kuikokolola. Ngakhale ine amene ndinachita zimenezi ndinadzidzimuka, chifukwa ndinkadula umodziumodzi, maso ali pa mtengo wotsatira. Sindinaimepo n'kuona zonse pamodzi. Tsiku limenelo ndinaziona ndi maso a anthu ena.

Nkhalamba ina inayamba kuyendayenda ikufuna manda a mayi ake, osawapeza, chifukwa inkawadziwira mtengo. Wina kumbuyo ananena chapansipansi kuti ndi alendowa, ndipo mitu inayamba kutembenukira kwa Che Manuwele. Mawu amenewo anali anga, ndinawadzala ndine. Koma Che Lifa anatukula dzanja. Anali atagwira botolo la kachasu lopanda kanthu ndi chisoti changa chakale, chimene dooko lonse linkachidziwa. Sananene dzina. Anangochiika chisoticho pachitsa cha mthethe.

Palibe anandimenya. Bwenzi zili bwino akanandimenya.

Shehe Amini anati zoweruza zidikire, pano pali munthu wofunika kugona. Yusufu anatsikira m'dzenje ndi amalume ake, tinatsitsa thupi, iye n'kuwagoneka mayi ake m'kachipinda, n'kumasula mfundo za nsanda. Atatha anatukula manja m'mwamba, osayang'ana, kudikira kuti amupatsire mitengo yotsekera monga zimakhalira.

Manja aja anakhala m'mwamba. Panalibe chomupatsira.

Anyamata anathamanga uku ndi uku. Nkhadze ndi yofewa ndipo utomoni wake umaotcha. Mlambe m'kati mwake ndi chinkhupule. Minga ndi minga. Wina anabwera ndi bango, Che Lifa n'kulithyola ndi zala ziwiri kusonyeza kuti dothi lonyowa silingalephere kuliphwanya. Kumudzi madenga ambiri anali atasanduka a bango ndi mapesi. Amene anali ndi mitengo yeniyeni padenga anayang'ana pansi, ndipo sindiwada. Nyengo ya mvula, ndani angasasule nyumba yake chifukwa cha munthu amene wavula manda a bambo ake? Za mulu wanga wa kudooko musafunse, ndinali nditawaza tizidutswa ta muuvuni.

Shehe anandiyandikira, nati motsitsa mawu, “Che Jawadu, tumani ana akazule chitseko cha kunyumba kwanu.”

Anayankha ndi Yusufu, ali m'dzenje momwemo, osakweza mutu.

“Anawambira nsomba.”

Kumwamba mitambo inali itada, mphepo ya mvula itayamba. Mwana wanga anavula malaya ake n'kuwatambasula pamwamba pa nkhope ya mayi ake, chifukwa timadothi tinali titayamba kugumuka m'mbali. Ine ndinaima pamenepo ndikuona mkazi amene anakana kuotcha chikuni chimodzi cha akufa akusowa chomutchinga kumaso, chifukwa cha ine.

Sindinaone pamene Che Manuwele anachokera. Ndinangoona anthu akupatuka pampata wa nkhadze, ndipo chinayamba kulowa ndi chitseko, chili pamutu, monga tsiku lija anafika pamudzi. Anali atakalamba kuposa pamenepo. Anadutsa pafupi ndi chitsa cha mthethe, pamene panagona mwana wawo padzuwa, ndipo anaima pang'ono. Kenaka anafika padzenje, n'kutula.

Shehe anawafunsa ngati akudziwa kuti chikalowa pansi sichidzatulukanso. Anawakumbutsanso kuti iwo si a chipembedzo chathu, palibe chowakakamiza.

Che Manuwele anati, “Mayi awa ndi amene anasambitsa mwana wanga. Ife tinalibe wotidziwa.”

Ine zimenezo sindinkazidziwa n'komwe. Tsiku limene mkazi wanga ankasambitsa mwana wa mlendo, ine ndinali kudooko ndikusimba nthabwala ya munthu woiwala nyumba.

Che Lifa anazula mahinjesi n'kuwabwezera mwini wake. Chitseko chinatsika ndi zingwe, Yusufu n'kuchilandira, n'kuchitsamiritsa pakachipinda. Chinakwana ngati anachita kuyeza. Anamata m'mbali ndi matope. Titayamba kuponya dothi linkamveka kugunda pa mlombwa, gu, gu, ngati munthu akugogoda pakhomo. Pamenepo ndinagwa chogwada m'matope, ndipo ndinalira mokuwa, mawu onse aja amene ndinkatsutsira mitengo ya chambo. Palibe anandigwira paphewa. Mvula inayamba anthu akubalalika.

Tsopano mverani mmene ndinadzukira, chifukwa kugwa aliyense amadziwa.

Bwalo linakhala, ndipo sindinakane kanthu. Ena ankafuna andisamutse pamudzi. Shehe anati kumuthamangitsa n'kumupeputsira, akapita kwina akakhala munthu watsopano, pamene manda athu adzakhalabe pambalambanda. Akhale pompano, abweze chimene anatenga. Anagwirizana choncho.

Choyamba ndinasiya kachasu, ndipo musaganize kuti ndinachita mwaungwazi. Ndinkanjenjemera, ndinkasanza, ndinkaona zinthu pakhoma. Chimene chinandithandiza n'chakuti ndinasiya kudzera njira ya kuseri kwa msasa, ngakhale inali yachidule. Njira ndi imene imamwetsa munthu. Lachisanu ndinkafika pamzikiti woyamba, n'kukhala kumbuyo, pafupi ndi nsapato, kuti aliyense aone kuti nthawi imeneyi ndili pano.

Chachiwiri ndinapita kwa Che Manuwele. Ndinawapeza atapachika chiguduli pakhomo, mvula ikulowa. Ndinaluka chitseko cha bango, chokhotakhota, chifukwa manja anga ndi a nsomba. Ndinayamba kulankhula zambiri zopepesa, iwo n'kundidula, nati gwirani uko timange. Akazi awo ndi amene anandionetsa mbaula yadothi imene alendo anzawo ankaphikira kumsasa, yotsekeka m'mbali, yoti timitengo tochepa tiphika chakudya cha banja. Ndinaiyang'ana nthawi yaitali. Uvuni wanga unali dzenje lapululu, moto wambiri unkangothawira kumwamba kukaotha mbalame. Ndinakaumba wina wa makoma adothi, kakhomo kang'ono, mawaya osanjikiza, pamwamba n'kuvundikira ndi lata lakale. Nkhuni zimene kale zinkathera tsiku limodzi zinayamba kundifikitsa kutali. Nyengo ya dzuwa ndinasiyiratu kuwamba nsomba zing'onozing'ono, ndinkayanika pathandala, zazikulu zina n'kumazing'amba ndi kuthira mchere. Amalonda ena anandithawa. Ndinawasiya apite.

Chachitatu ndi mitengo. Amfumu anandipatsa chilolezo cholowa m'manda popanda maliro, ine ndekha. Zitsa za tsanya zina zinali zikuphukira, ndipo ndinazitchingira ndi minga kuti mbuzi zisadye. Nthanga za msangu ndinkakatola m'makola a mbuzi, chifukwa zodzera m'mimba mwa mbuzi zimamera msanga. Mbande za keshya ndinkakapempha kunazale ya kumsasa, kuima pamzere pamodzi ndi alendo omwe ndinkawanyoza aja. Chilimwe ndinkasenza madzi kuchokera kunyanja, ndowa pamutu ngati mayi, ana akundiseka kuti Wailesi yatha mabatire. Yambiri inauma. Ndinadzalanso. Chiswe chinadya. Ndinadzalanso. Pa kamwana ka Che Manuwele ndinadzala mthethe wina, ndipo kumutu kwa Abiti Saidi ndinadzala tsanya, ngakhale amakula mochedwa.

Nkhondo itatha alendo anayamba kubwerera kwawo. Che Manuwele anakwera lole ndi kathumba kakang'ono, mahinjesi aja ali m'thumba la malaya. Ndinawauza kuti ndidzawatumizira chitseko ndikadzapeza bwino. Anaseka, nati chitseko chawo chili ndi ntchito kale, koma ndiziwathirira mtengo wa mwana wawo. Sindinawaonenso. Mtengowo ulipo, mwana wa sukulu sangaukumbatire.

Ndiye inu anzanga, sindikuuzani kuti njala ya moto ndi yabodza. Ndi yoona, imaluma kuposa ya m'mimba, chifukwa ufa ungakhalepo koma osadyeka. Ndikungoti, musanaloze mlendo, werengani nkhwangwa za pakhomo panu. Ndipo ukaona kuti wayamba kusankha nthawi imene anzako sakukuona kuti ukadule mtengo, dziwa kuti watsetsereka kale.

Za Yusufu ndasunga potsiriza. Chichokereni m'dzenje lija, mwana wanga sanandilankhule za tsikulo. Ankabwera, n'kundipatsa moni wa ulemu ngati wopatsa mkulu wa mudzi wina, n'kusiya kaufa, n'kumapita. Baba sankanditchula. Ine wokuwa ndi aliyense, pamaso pake ndinkasowa poyambira.

Zaka zinapita, mpaka anamwalira Che Lifa, mkulu wa adzukulu uja. Tinanyamula jeneza, tinapinda pakachulu, n'kulowa pampata wa nkhadze, ndipo m'manda munali mthunzi. Wosafika wakale uja, koma mthunzi. Anyamata anadula keshya pomwepo, mitengo yowongoka, ndipo amene anali m'dzenje atatukula manja anaipeza ili kale m'manja mwake. Palibe ananenapo kanthu, ndipo ndi mmene ziyenera kukhalira.

Anthu atabalalika ine ndinatsalira, ndikuzula udzu pamanda a mkazi wanga. Ndinamva mapazi kumbuyo. Anali Yusufu. Anaima nthawi yaitali akuyang'ana tsanya wa kumutu kwa mayi ake, amene tsopano anali atandipitirira msinkhu. Anaugwira mtengowo, n'kuugwedeza pang'ono ngati akuyesa mphamvu yake. Kenaka anasolola chikwanje m'manja mwanga, n'kulemba pakhungwa mizere iwiri yopingasana.

“Baba, uwu musadzapatse munthu, ndi wanu wodzakutsekerani. Tsiku lanu ndidzatsikanso ndine, ndipo sindidzaimika manja m'mwamba kudikira chitseko cha mlendo.”